Khansa ya khomo la chiberekero: opaleshoni yochotsa anabere ochepa ndi amene ingawathandize

Kwa zaka pafupifupi 80, mayi wopezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero ikadali yaing'ono wakhala akuchitidwa opaleshoni ya mbali ziwiri: kuchotsa chiberekero, ndi kuchotsa anabere onse a m'chiuno. Mbali yachiwiriyi imasiya amayi ena ndi miyendo yotupa kwa moyo wawo wonse. Kafukufuku wamkulu amene zotsatira zake zidatuluka mu 2025 wasonyeza kuti kwa amayi ambiri otere nkokwanira kuchotsa anabere ochepa okha, amene khansa ingayambe kufikako, ndipo mwayi wochira sutsika.

Nkhaniyi ikukhudza Malawi kuposa mayiko ambiri. Malinga ndi ziwerengero za nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization, mu 2020 amayi 4,145 m'dziko muno adadwala khansayi ndipo 2,905 adamwalira nayo. Poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, Malawi ali m'gulu la mayiko amene matendawa akupha amayi kwambiri padziko lonse. Koma njira yatsopanoyi ili ndi malire ake: imathandiza mayi amene khansa yake yapezeka msanga. Kwa mayi wa ku Chintheche, Kande, Mpamba kapena Usisya m'boma la Nkhata Bay, mwayi wa opaleshoni yocheperayi umadalira zimene zachitika miyezi kapena zaka asanafike kwa dokotala wa opaleshoni.

Anabere ndi ntchito yawo

Anthu ambiri amamudziwa mwanabere akatupa m'mphechepeche, m'khwapa kapena m'khosi, munthu akakhala ndi bala kapena chithupsa. Koma anabere alipo nthawi zonse, ndipo m'thupi muli mazanamazana, ambiri a iwo aang'ono ngati nyemba. Kupatula mitsempha ya magazi, thupi lili ndi timitsempha tina topyapyala timene timatunga madzi otsalira m'minofu ndi kuwabwezera m'magazi. Madziwo asanafike m'magazi amadutsa mwa anabere, amene amawasefa ndi kugwira tizilombo toyambitsa matenda.

Maselo a khansa akathothoka pa chotupa amatsata njira yomweyo. Ochokera pa khomo la chiberekero amayamba kufika mwa anabere a m'chiuno, amene ali m'kati mwenimweni, m'mbali mwa mitsempha ikuluikulu yopita kumiyendo. Anabere amenewa sakhudzika ndi dzanja, ndipo khansa ikakhala yochepa mwa iwo siioneka ngakhale pa sikani. Komabe dokotala ayenera kudziwa ngati yafikako, chifukwa chithandizo chonse chimatsamira pa yankho limenelo. Ngati anabere alibe khansa, opaleshoni yokha ikhoza kuchiza mayi. Ngati khansa ilimo, mayiyo amafunika kuotchedwa ndi cheza, chithandizo chotchedwa radiotherapy, pamodzi ndi mankhwala a khansa odzera m'diripi.

Opaleshoni yakale ndi mavuto ake

Opaleshoni yaikulu yochotsa chiberekero pamodzi ndi minofu yochizungulira idatchuka ndi dokotala Ernst Wertheim wa ku Vienna, amene adayamba kuichita mu 1898. M'zaka za m'ma 1940, Joe Meigs wa ku Boston adaonjezapo lamulo lochotsa anabere onse a m'chiuno kwa mayi aliyense. Dokotala amachotsa anabere 20 kapena kuposerapo, mbali zonse ziwiri, pamodzi ndi mafuta owazungulira.

Njirayi yapulumutsa amayi ambirimbiri. Vuto lake ndi lakuti mwa amayi 100 amene khansa yawo ikadali yaing'ono, pafupifupi 15 kapena 20 okha ndi amene amapezeka kuti yafika mwa anabere. Otsalawo amachotsedwa anabere abwinobwino, ndipo ena amavutika pambuyo pake. Madzi ochokera kumiyendo amasowa podutsa, mwendo umodzi kapena yonse iwiri n'kuyamba kutupa, kulemera ndi kuuma khungu. Kutupaku kungayambe patapita miyezi kapena zaka, ndipo kukakhazikika sikutheratu. Amayi ena madzi amaunjikana m'mimba ngati thumba, ena ntchafu imachita dzanzi chifukwa minyewa idakhudzidwa.

Kwa mayi wa m'mbali mwa nyanja, mwendo wotupa umasokoneza ntchito yonse imene amadyera. Kuima tsiku lonse poyanika usipa, kulima ndi kuviika chinangwa cha kondowole, kusenza dengu kupita ku msika, kukwera zitunda za ku Usisya, zonsezi zimafuna miyendo yamphamvu. Komanso mwendo wotere sulimbana bwino ndi tizilombo: kabala kakang'ono kochekedwa ndi mwala kapena munga wa nsomba kangathe kuyambitsa matenda a khungu ofuna kugonekedwa m'chipatala.

Njira ya mwanabere woyamba

Amene adatcherapo miono mumtsinje amadziwa kuti nsomba yotsika ndi madzi imayamba yafika pa mono wakumtunda isanafike pa yakumunsi. Anabere nawo adandandalikana chomwecho. Madzi ochokera pa chotupa amayamba afika mwa mwanabere mmodzi kapena awiri mbali iliyonse, kenako n'kupitirira kwa ena. Madokotala amamutcha mwanabere woyambayu sentinel node, kutanthauza mlonda. Mlondayu akapezeka alibe khansa, mwayi woti ena a kumbuyo kwake ali nayo umakhala wochepa zedi, ndipo angathe kusiyidwa.

Ganizoli adalifotokoza Ramón Cabañas, dokotala wa ku Paraguay, mu 1977 pothandiza amuna odwala khansa ya kumaliseche. Mu 1992 Donald Morton wa ku America adasonyeza kuti utoto wabuluu ungalondolere dokotala kwa mwanabereyu pa khansa ya pakhungu, ndipo posakhalitsa njirayi idakhazikika pa khansa ya m'mawere. Pa khansa ya khomo la chiberekero, mmodzi mwa oyamba kuiyesa adali Daniel Dargent wa ku Lyon, m'dziko la France, cha m'ma 2000.

Mayi akagonekedwa ndi mankhwala, dokotala amabaya utoto pa khomo la chiberekero, mbali ya kumanja ndi ya kumanzere kwa chotupa. M'mphindi zochepa utotowo umalowa m'timitsempha tija n'kukadetsa anabere oyamba. Utoto wake ulipo wa mitundu itatu. Wabuluu umaoneka ndi maso ndipo sufuna makina ena, ngakhale kuti mkodzo wa mayi umasintha mtundu kwa tsiku limodzi kapena awiri. Wobiriwira, wotchedwa indocyanine green, umawala poonedwa ndi kamera yapadera, ndipo ndiwo umapeza anabere a mbali zonse ziwiri kawirikawiri kuposa wabuluu. Wachitatu ndi mankhwala otulutsa cheza chochepa otchedwa technetium, amene amalondoledwa ndi kachipangizo komva chezacho.

Pali malamulo amene dokotala sayenera kuwalumpha. Popeza khomo la chiberekero lili pakati, mwanabere woyamba ayenera kupezeka kumanja ndi kumanzere komwe. Mbali imene utoto sudafikeko, anabere onse a mbali imeneyo amachotsedwa monga kale. Mwanabere aliyense wooneka wotupa kapena wolimba amachotsedwanso, kaya wadetsedwa ndi utoto kapena ayi. Lamulo lomalizali ndi lofunika kuno kwathu, kumene anabere amatupanso chifukwa cha chifuwa chachikulu ndi kachilombo ka HIV. Kutupa kokha sikutsimikiza kuti ndi khansa. Yankho limachokera ku labotale.

Ntchito ya labotale

Theka la njirayi limachitikira pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono. M'zipatala zokhala ndi zipangizo, mwanabere amaumitsidwa ndi kuzizira, n'kudulidwa ndi kuunikidwa mayi akadali pa tebulo la opaleshoni. Khansa ikapezeka, malangizo a mabungwe a madokotala a khansa a ku Ulaya amati opaleshoni yaikulu isapitirire, mayiyo apite ku radiotherapy. Cholinga chake ndi kumupewetsa mavuto a zithandizo ziwiri zikuluzikulu zikaphatikizana.

Pambuyo pa opaleshoni, mwanabere yemweyo amadulidwanso m'tizidutswa tambiri topyapyala ndi kupakidwa mankhwala oonetsa maselo a khansa. Kuunika kwakuya kumeneku kumapeza khansa yaing'ono kuyambira mamilimita 0.2 mpaka 2, imene kuunika kwanthawi zonse kumaiphonya. Palibe labotale imene ingachite zimenezi pa anabere 25 a mayi aliyense, koma pa atatu kapena anayi nzotheka. Motero njira ya mwanabere woyamba, ikachitidwa bwino, imapeza khansa yobisika kuposa njira yakale. Ikachitidwa popanda katswiri wa labotale woyembekezera kuunika anaberewo mozama, phindu limeneli limatayika.

Zimene kafukufuku wapeza

Kafukufuku wa ku France wotchedwa SENTICOL-2, wa amayi 206, adapeza kuti mavuto okhudza kuyenda kwa madzi a m'thupi adagwera amayi 31 mwa 100 alionse ochotsedwa anabere oyamba okha, poyerekeza ndi 51 mwa 100 alionse ochotsedwa onse. Koma amayiwo adali ochepa moti funso la kuyambiranso kwa khansa silidayankhidwe mokwanira.

Kafukufuku wa SENTIX, wotsogoleredwa ndi David Cibula wa ku Prague, adachitika m'zipatala 47 za m'mayiko 18. Amayi ake adachotsedwa anabere oyamba okha. Patatha zaka ziwiri, khansa idayambiranso mwa amayi pafupifupi 6 mwa 100 alionse, chiwerengero chosasiyana ndi chimene chimadziwika pa opaleshoni yakale. Kafukufukuyu adasonyezanso kuti pafupifupi theka la amayi amene khansa idafika mwa anabere adadziwika pa kuunika kwakuya kuja, atadutsa kale kuunika kwa pa nthawi ya opaleshoni.

Umboni wamphamvu koposa udachokera ku China, mu kafukufuku wa PHENIX wotsogoleredwa ndi Jihong Liu wa ku Sun Yat-sen University Cancer Center mumzinda wa Guangzhou, amene adasindikizidwa mu New England Journal of Medicine mu 2025. Amayi 838 amene anabere awo oyamba adapezeka opanda khansa adagawidwa mwamaere m'magulu awiri: ena adasiyiridwa anabere otsala, ena adachotsedwa onse. Patatha zaka zitatu, amayi 96.9 peresenti a gulu loyamba adali moyo opanda khansa, poyerekeza ndi 94.6 peresenti a gulu lachiwiri. Kutupa miyendo kudagwira 5.2 peresenti m'gulu loyamba ndi 19.1 peresenti m'gulu lachiwiri. Madzi ounjikana m'mimba adapezeka mwa 8.3 peresenti ndi 22 peresenti.

Amene angayenere njirayi

Bungwe la madokotala a amayi padziko lonse la FIGO limagawa khansayi m'masiteji anayi. Malinga ndi kagawidwe ka 2018, siteji IA ndi khansa yooneka pa makina a labotale okha, yosalowa m'mnofu kupitirira mamilimita 5. Siteji IB1 ndi chotupa chosapitirira masentimita 2, IB2 ndi chapakati pa masentimita 2 ndi 4, ndipo IB3 ndi choposa masentimita 4. Khansa ikafika mwa anabere a m'chiuno imawerengedwa siteji IIIC, ngakhale chotupacho chikhale chaching'ono.

Njira ya mwanabere woyamba ndi ya amayi a masiteji oyambirirawa, amene chotupa chawo sichidapitirire masentimita 4 ndipo sikani siikuonetsa anabere otupa. Imagwira bwino koposa chotupa chikakhala chosapitirira masentimita 2. Chotupa chikakula, maselo a khansa amatseka timitsempha tija, utoto n'kulephera kudutsa kapena kusochera. Khansa ikafalikira m'mbali mwa chiberekero, ku chikhodzodzo kapena kumatumbo, nkhani ya opaleshoni imakhala itatha, ndipo chithandizo chake ndi cheza ndi mankhwala.

Tisasokoneze njirayi ndi opaleshoni yoboola mimba timabowo ting'onoting'ono m'malo moing'amba. Kafukufuku wa LACC, wotsogoleredwa ndi Pedro Ramirez ndipo adatuluka mu 2018, adapeza kuti amayi ochotsedwa chiberekero kudzera m'timabowo khansa idawayambiranso kawirikawiri kuposa ong'ambidwa pamimba. Kuchokera pamenepo zipatala zambiri zidabwerera ku opaleshoni yong'amba. Anabere oyamba angathe kufunidwa pa opaleshoni yong'ambayo. Kumbali ina, kafukufuku wa SHAPE wa amayi 700, wotsogoleredwa ndi Marie Plante wa ku Canada ndipo adatuluka mu 2024, adasonyeza kuti chotupa chikakhala chosapitirira masentimita 2 komanso chosazama, kuchotsa chiberekero chokha osakhudza minofu yambiri yozungulira nkokwanira, ndipo kumachepetsa mavuto a mkodzo.

Ulendo wa mayi wa ku Nkhata Bay

Amayi ambiri m'Malawi amafika ku chipatala khansa itapitirira siteji yochitidwa opaleshoni. Chifukwa chachikulu ndi chakuti khansayi ikamayamba siipweteka ndipo nthawi zambiri siionetsa chizindikiro. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, kofala pogonana, ndipo imatenga zaka 15 mpaka 20 kuti ikule, kapena 5 mpaka 10 mwa mayi amene chitetezo cha m'thupi mwake chidatsika. Mayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo chochuluka kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake amene alibe.

Zizindikiro zikayamba, monga kutaya magazi pambuyo pogonana, kutaya magazi pakati pa masiku a kumwezi kapena atasiya kale kusamba, ndi chikazi chonunkha chosamva mankhwala, nthawi imatayikanso pofuna chifukwa china. M'mbali mwa nyanja likodzo ndi lofala, ndipo mwa amayi limathanso kuyambitsa zilonda pa khomo la chiberekero ndi kutaya magazi. Matenda awiriwa amatha kufanana m'maonekedwe, ndipo mayi mmodzi angathe kukhala nawo onse. Chimene chimawalekanitsa ndi kutapa kachidutswa ka mnofu ndi kukaunika ku labotale.

Unduna wa Zaumoyo udayamba ntchito yoyeza amayi m'dziko lonse mu 2004, pogwiritsa ntchito njira yopaka viniga pa khomo la chiberekero, ndipo umalimbikitsa makamaka amayi a zaka 25 mpaka 49. Kuyezaku kumatenga mphindi zochepa ndipo m'zipatala za boma nkwaulere. Malo oyamba kuonongeka amene sadasanduke khansa amatha kuotchedwa tsiku lomwelo ndi kachipangizo kotenthetsa, njira imene chipatala cha Nkhoma chidatsogolera kuigwiritsa ntchito m'dziko muno. Katemera wa HPV adayesedwa m'maboma a Rumphi ndi Zomba kuyambira 2013, ndipo adafalikira dziko lonse mu January 2019 kuyambira ndi atsikana a zaka 9.

Mayi wokayikiridwa kuti ali ndi khansa amachoka ku chipatala chaching'ono cha kwawo, kapena ku Chintheche, n'kutumizidwa ku chipatala cha boma cha Nkhata Bay, kenako ku Mzuzu Central Hospital, chimene chimalandira odwala a chigawo chonse cha kumpoto. Wa ku Kande, Chintheche ndi Mpamba ali pa msewu wa M5. Wa ku Usisya amadalira sitima ya Ilala, maboti, kapena msewu wokwera mapiri umene umavuta m'nyengo ya mvula. Malabotale akuluakulu ounika minofu ali kutali: ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kumene labotale yotere idatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi University of North Carolina, ndi ku Blantyre. Ku Queen Elizabeth Central Hospital, bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kugwira ntchito ya khansayi mu 2018, ndipo mu 2019 lidatsegula chipinda chake cha opaleshoni. Kwa zaka zambiri ofuna radiotherapy ankatumizidwa kunja, ena ku Kenya. National Cancer Centre ya ku Lilongwe idatsegulidwa mwalamulo mu 2025.

Paulendo wonsewu, sabata iliyonse yodikira zotsatira, yofuna ndalama ya basi kapena yoyembekeza chilolezo cha abale imapatsa chotupa nthawi yokula. Kusiyana kwa masentimita 2 ndi masentimita 4 ndiko kumasankha ngati mayi achitidwa opaleshoni yaing'ono, yaikulu, kapena sachitidwa nkomwe. Apa amuna awo, apongozi ndi ankhoswe ali ndi mbali yawo: kalata yotumizira wodwala ku chipatala chachikulu siyoyenera kudikira kuti nsomba zigulitsidwe kapena mvula ikate.

Mafunso ofunsa dokotala

Mayi amene wauzidwa kuti achitidwa opaleshoni ali ndi ufulu wofunsa, ndipo ndi bwino kupita ndi mbale womuthandiza kukumbukira mayankho. Afunse kuti khansa yake ili pa siteji iti, ndipo chotupa ndi chachikulu masentimita angati. Afunse ngati anabere achotsedwa onse kapena oyamba okha, ndiponso ngati chipatalacho chili ndi utoto, luso ndi labotale zochitira njira ya mwanabere woyamba. Afunse kuti zotsatira za ku labotale zidzatuluka liti, akazitengere kuti, ndipo chidzachitike nchiyani khansa ikapezeka mwa anabere. Amene akufunabe kubereka anene msanga, chifukwa chotupa chikakhala chaching'ono kwambiri pali maopaleshoni ochotsa khomo lokha n'kusiya chiberekero.

Dokotala akanena kuti achotsa anabere onse, mayi asaope ndipo asazengereze. Kumene zipangizo kapena labotale yoyenera palibe, kuchotsa onse ndiyo njira yotetezeka, ndipo amayi ambiri ochitidwa opaleshoni yotere miyendo yawo siitupa.

Kusamalira miyendo pambuyo pa opaleshoni

Mayi aliyense wochotsedwa anabere, ochepa kapena onse, asambitse miyendo ndi sopo tsiku ndi tsiku, aipukute bwino makamaka pakati pa zala, ndipo aidzoze mafuta kuti khungu lisang'ambike. Azivala nsapato kumunda ndi kunyanja, azigona m'neti ya udzudzu, ndipo bala lililonse alitsuke nthawi yomweyo. Kuyenda pang'onopang'ono kumathandiza madzi kukwera, ndipo popuma aziika miyendo pamwamba pa mpando kapena pilo. Mwendo wotupa usatemedwe mphini. Ukafiira, kutentha ndi kupweteka, thupi n'kutenthanso, apite ku chipatala tsiku lomwelo.

Kukaonedwa ku chipatala kumapitirira ngakhale mayi akupeza bwino: nthawi zambiri miyezi itatu kapena inayi iliyonse m'zaka ziwiri zoyambirira, kenako kamodzi kapena kawiri pa chaka mpaka zaka zisanu zitakwana.

Mu November 2020, World Health Organization idakhazikitsa zolinga zitatu zoti mayiko akwaniritse pofika 2030: atsikana 90 mwa 100 alionse alandire katemera wa HPV asanapitirire zaka 15, amayi 70 mwa 100 ayezedwe pofika zaka 35 ndi kuyezedwanso pofika zaka 45, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi matendawa alandire chithandizo. Opaleshoni ya mwanabere woyamba ili pansi pa cholinga chachitatu, koma chiwerengero cha amayi a ku Nkhata Bay amene angapindule nayo chidzakula pokhapokha chachiwiri chitayenda bwino. Mayi wa zaka 25 kapena kuposerapo amene sadayezetsepo afunse namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake za tsiku ndi malo oyezera.